Nthochi ya Kuseri kwa a Eyande

A Eyande amwalira mwezi wathawu, nandolo akutha kuuma m'minda, ndipo tinakumba manda awiri. Abale awo ochokera ku Kaduya ankanong'onezana kuti kodi enawo ndi a ndani, poti bokosi linali limodzi. Ife a pamudzi tinangoyang'ana pansi. Tikanayambira pati? Manda achiwiriwo anali a Felesiya, mwana wawo wamkazi, amene madzi anamutenga ine ndisanathe msinkhu. Mtembo wake sunapezeke. Bambo akewo anakana kwamtuwagalu kuti timuchitire maliro, anakana mpaka imvi, mpaka ndodo, ndipo mayi ake akalamba opanda pokamulirira.

Dzina lawo lenileni anali a Namakhula. Ankaphunzitsa Chingerezi m'sitandade 5 pasukulu ya kwathu kuno, kumunsi kwa phiri la Michesi, mbali ya ku Chiringa. La Eyande tinawapatsa ndife ana, chifukwa m'mawa uliwonse akangolowa ankamenya bolodi ndi ndodo pa timawu titatu timene sitinkafufutidwa chaka chonse: a, an, the. Ife tinkakuwa kuti e, an, de, mpaka linasanduka dzina. Ankalidziwa, koma sanalivomerepo. Ndinene pompano kuti ine sindinkawakonda, ndipo ngakhale lero sindikudziwa ngati ndinafika powakonda. Chimene ndikudziwa n'choti ndili moyo chifukwa cha nkhanza zawo.

Munthu anali wamfupi, wouma ngati chinangwa cha makaka, wa tayi ngakhale mu Okutobala. Nsapato ankazinyamula m'manja powoloka kamtsinje kolekanitsa mudzi wathu ndi sukulu, n'kudzazivala atapukuta zala chimodzichimodzi ndi kansalu. Ankati a ndi wa mbuzi iliyonse yongodutsa pamsewu, yosadziwika mwini wake, pamene the ndi wa mbuzi ya m'khola mwanu, imene mumaizindikira ndi kulira komwe. An, ankati, ndi a yemweyo koma wavala nsapato kuti asapunthwe pa mawu oyamba ndi pakamwa poyasama. Ife zinkangotizunguza mutu. M'Chichewa mbuzi ndi mbuzi basi, ndipo m'Chilomwe cha agogo athu sitinamvepo munthu akuimika kanthu kutsogolo kwa mbuzi kuti tidziwe kuti ndi iti. Ndiye tinkawasiya timawuto, ngati mmene umasiyira minga podya usipa. Akamva zimenezo nkhope inkachita ngati wina wawapondera pachilonda.

Ankakonda kunena kuti Chingerezi chili ngati kalongonda: ukamuphika mothamanga, osataya madzi oyamba ndi achiwiri, umadya poizoni n'kuyamba kubwebweta pagulu. Ankanenanso kuti mawu aakulu aliyense angathe kuloweza, ngakhale chinkhwe, koma anthu a m'maofesi amakudziwira pa timawu ting'onoting'onoti kuti unabadwira kumpanda kapena kuseri kwa khola. Chimene chinawapweteka tinachimva kwa akazi awo patapita zaka. Bambo awo anachokera ku Mozambiki, ankathyola tiyi m'maesiteti a ku Mulanje. A Namakhula ali mnyamata anapita kukafuna ukalaliki ku ofesi ya esiteti ina, atachita kubwereka malaya. Atangoyankha funso loyamba, kalaliki wamkulu, munthu wakuda mnzawo, anaitana anzake kuti adzamve Chizungu cha Anguru, dzina lonyozera Alomwe, n'kuwabwerezetsa chiganizocho anthu akugwira nthiti. Anabwerera wapansi, osadya. Kuyambira pamenepo analumbira kuti mwana wodutsa m'manja mwawo sadzasekedwa choncho, ndipo Chilomwe anachitsekera kunja. Gogo akawapatsa moni kuti mosheliwa, iwo ankayankha m'Chingerezi n'kumapita.

Chida chawo chinali nkhono. Chigoba chachikulu cha nkhono ya kudimba, choboola, chomangidwa pa chingwe cha khonje. Ukasiya kamodzi mwa timawu tija polankhula, ankakukoleka m'khosi, iwe n'kumatchera khutu kuti mnzako aphonye umupatsire. Chinkanunkha thukuta la ana a zaka zambiri, ndipo chingwecho chinkayabwa. Lamulo linali loti aliyense amene nkhono yamukhudza tsikulo atsale anzake akamaweruka, azibwereza ziganizo mpaka iwo akhutire. Oyera okha ndiwo ankapita kwawo nthawi yabwino. Ine, Esinati, nkhono inkandidziwa ngati mayi ake. Kunyumba ankadziwa kale kuti madzi a masana akatunge wina.

Felesiya yekha ndiye sanaivalepo. Tinali kalasi imodzi, ndipo ndisaname, tinkamuchitira kaduka mpaka kumutchula kuti Kamzungu. Komatu anali mwana wabwino, wamanyazi, wa mpata kumano. Kwawo ankayenera kulankhula ndi bambo ake m'Chingerezi chokhachokha, ngakhale popempha mchere. Ndi mayi ake, amene sanapondeko m'kalasi, ankachezera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi phata la nthochi, monong'ona, m'Chilomwe chosakaniza ndi Chichewa. Bambowo ankamuimiritsa kutsogolo kwathu kuti atiwerengere, iwo atatsinzina, mutu ukugwedezeka. Panalibe nthawi ina imene ndinawaonapo akuoneka ngati munthu wokhuta.

Napolo wathu sanali wamkulu uja amene aliyense amamudziwa, wogumula ku boma. Wathu anali wamng'ono, sanamveke ndi pa wailesi pomwe. Mvula inali itagwa masiku angapo osakata, Michesi osaoneka. Chakumasana ahedi anatumiza uthenga m'makalasi kuti ana aweruke msanga kamtsinje kasanadzaze. Aphunzitsi ena anangotsegula zitseko. A Eyande anaimirira pakhomo n'kuyamba kusankha monga mwa masiku onse: oyera atuluke, a nkhono akhale pansi. Tinatsala kagulu, ine ndili ndi chigobacho pachifuwa.

Felesiya anafika pakhomo n'kuima. Anayang'ana kunja, anayang'ana bambo ake, kenako anawapempha m'Chingerezi chake chosalala chija, mopanda kuphonya ndi kamodzi komwe.

"Bambo, ndikudikireni kuti tipitire limodzi? Ndikuopa mvulayi."

Iwo anamuyankha mokweza kuti ife a mitu youma timve.

"Otsala ndi olakwa. Iwe walakwa chiyani? Pita kwanu."

Anaika makope ake m'jumbo, n'kuifunda kumutu, n'kutuluka.

Tinali tikubwereza za dzira ndi lalanje pamene phiri linalira. Sikunali kugunda kwa mvula ayi. Zinkamveka ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi, ndipo pansi pankanjenjemera m'matako mwathumu. Kenako kunabwera fungo la dothi lofukulidwa kumene. A Eyande anasiya choko chili m'mwamba. Anatuluka akuthamanga, nsapato zili kuphazi, ife pambuyo. Powolokera pathu paja, pamene madzi ankalekeza m'akakolo, panali chimtsinje chofiira chokunkhuniza miyala yaikulu ngati nkhokwe, mitengo yathunthu ikutembenuzika mizu m'mwamba. Ana ambiri anali atawoloka kale, akukuwa kutsidya. Awiri okha ndiwo anapezeka pakati: Felesiya, ndi kamtsikana ka sitandade 1 kamene anakabereka kumsana poti kankalira. Mtembo wa kamtsikanako anaupeza mawa lake m'munda wa chimanga kumunsi. Felesiya sanaoneke, ngakhale jumbo yake.

Ndikamati ndili moyo chifukwa cha nkhanza zawo, ndikunena zimenezi. Ife a nkhono tinali oyenda mochedwa, okonda kusewera pamadzi. Akanatimasula, tikanapezeka pakati pomwepo. Makolo athu anaziona choncho, moti patapita masiku anasonkhana n'kupita kwawo ndi nkhuku, ena ndi lichero la mtedza, kukathokoza. Abale inu, kupusa kwake! Mayi anga anali m'gulumo. A Eyande anatuluka, n'kuyang'ana nkhukuzo, n'kuyang'ana ife ana amene makolowo anatitenga kuti tikagwade. Sanakalipe. Anangofunsa, m'Chichewa, mawu ali pansipansi, kuti kodi akuthokozedwa chifukwa cha ana amene anawasunga kapena chifukwa cha amene anamutulutsa. Anthu anabwerera ndi nkhuku zawo m'khwapa.

Kwathu kuno munthu akasowa m'madzi, kufunafuna kukalephereka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ya mwini wakeyo, n'kuliika m'manda ndi nyimbo zonse. Zikatero anamfedwa amameta, amasamba, ndipo mayi amakhala ndi mulu wa dothi woti azikausesa. Komanso kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba anali a Jemusi, mlongo wawo wa mayi a Felesiya, munthu wosaseka naye. Atatha masabata akufufuza m'matope ndi ndodo, a Jemusi analamula kuti mwambo uchitike, ndipo anabwera m'mawa ndi chikwanje, adzukulu okumba manda akudikira ndi makasu pamsewu. Anapeza a Eyande atakhala pansi kuseri kwa nyumba, avala tayi, msana atautsamiritsa pa nthochi.

"Alamu, chokanipo," anatero a Jemusi. "Mwanayu ndi wanga. Mkamwini asamakule mwendo."

"Ngati ndi wanu, ndionetseni," anayankha a Eyande. "Mundionetse dzanja lake, kaya tsitsi. Mwana wanga si nthochi. Mukafuna kudula, yambani ndi ine."

Anthu anadzaza bwalo. A Jemusi anatukwana, anawakumbutsa kuti nyumbayo ili pa dothi la eni, kuti angathe kuwalongedzetsa tsiku lomwelo abwerere ku Kaduya. A Eyande osasuntha. Amene anathetsa nkhaniyo ndi mayi a Felesiya. Anatuluka m'nyumba maso atatupa, n'kugwira dzanja la chikwanjelo.

"Achimwene, asiyeni. Atopa okha."

Mayi aja sankawadziwa amuna awo. Sanatope.

Chilimwe chilichonse sukulu ikatsekera ankakwera njinga n'kutsata kamtsinjeko mpaka kumadambo, midzi yonse ya kumunsi, mpaka kudutsa malire. Kukamveka mphekesera yoti kwinakwake ku Mozambiki anatola mtsikana m'madzi amene sakumbukira kwawo, iwo ulendo. Amalonda a nandolo amene anakumana nawo kumeneko anabwera ndi nkhani imene sitinaikhulupirire: akuti a Eyande ankayenda khomo ndi khomo, chipewa m'manja, akufunsa m'Chilomwe chozama cha makolo, chimene ife sitinkadziwa kuti ali nacho. Ankabwerako atapsa ndi dzuwa, matayala atawafutsa udzu. Akafika ankayamba kuseri, kukaona ngati nthochi ija ili chilili. Mikoko yake inkapsera pomwepo, mbalame n'kumadya, chifukwa panalibe wololedwa kufikapo ndi mpeni.

Mukuganiza kuti nkhono anaitaya? Ayi ndithu. Anthu ankayembekeza kuti afewa, koma anafika poipa, makamaka nthawi ya dzinja. Mitambo ikangounjikana pa Michesi, tsiku limenelo panalibe mwana woyera. Ankakufunsa mafunso mpaka uphonye, ndipo ukapanda kuphonya ankati waphonya momwemo, wameza the, sanamumve bwino, n'kukukoleka. Kalasi yonse inkatsala. Kenako ankatisiya tikubwereza ziganizo, iwo n'kupita okha kukayang'ana powolokera, n'kudzatiperekeza ali patsogolo, thalauza atapinda. Makolo anadandaula kwa ahedi kuti mphunzitsiyu wapenga, ana akufika kunyumba dzuwa litapendeka, njala ili m'maso. Iwo sanafotokozepo kanthu. Ankangoti Chingerezi cha ana a masiku ano chawola. Ine ndinazimvetsa nditabereka wanga woyamba.

Koma zonsezi sizinawathandize mayi a Felesiya. Sanamete, sanasambe, panalibe tsiku limene anthu anakhala pabwalo pawo kudzawapepesa, chifukwa mwamwambo panalibe maliro. Ndiye ankalirira pa maliro a eni. Kulikonse kumene kwagwa zovuta, kaya ndi nkhalamba kaya ndi khanda, mayi aja ankafika oyamba m'nyumba ya siwa, ndipo akayamba kubuma dzina linali limodzi. "Felesiya mwana wanga ine, ndikakusese kuti ine, mayo!" Amayi anzawo ankangowagwira mapewa. Namondwe wa zaka zapitazi atakokolola midzi kuzungulira phiri, anthu ambiri anaika nthochi, ena kangapo pakhomo limodzi. Mayi aja anayenda maliro onsewo ndi miyendo yawo yotupa, akuona anzawo akulandira chimene iwo anamanidwa. Amuna awo anatseka chitseko, sanapiteko ndi amodzi omwe.

Ine ndimagulitsa tomato pamsika wa Chiringa. A Eyande atapuma ntchito ankabwera tsiku la msika akukankha njinga, ndipo pa mabenchi onse ankasankha langa. Sankandiyang'ana kumaso. Onse amene tinatsala tsiku lija sankatiyang'ana kumaso, ankayang'ana pakhosi. Ankandipatsa moni m'Chingerezi, ine n'kuyankha movutikira, iwo n'kundikonza, mayi wa ana anga, pamaso pa makasitomala. Tsiku lina ndinali nditangochokera ku maliro kumene mayi aja anakomoka polira, ndipo mtima unali pakamwa.

"Aphunzitsi, mayi aja akutha. Alekeni amuike mwana wawo."

Anapitiriza kusankha tomato.

"Esinati, mwana akapanda kufika m'kalasi, timati wajomba. Sitinena kuti wafa tisanaone."

"Anajomba, kapena munamutulutsa ndinu?"

Ndinawauza choncho, ndipo sindikubweza. Msika unachita ngati wazizira. Anabweza tomato pamulu, mmodzimmodzi, mosamala ngati mazira. Kenako kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso, n'kunena m'Chichewa:

"N'chifukwa chake sindingamuike. Ndikamuika, ndiye kuti ndamupha ndine."

Anakankha njinga n'kumapita. Ndinkati sadzabweranso. Sabata yotsatira anali pa benchi langa, akundikonza moni.

Zaka zomaliza maso anachita khungu, njinga anaipachika. Ankakhala pakhonde pa mpando wa ndalema, atauyang'anitsa kumene kuli powolokera. Mitambo sankaionanso, koma ankaimva m'mawondo, ndipo ana a sukulu akamadutsa ankawakuwira kuti asachedwe pamadzi, agwirane manja, wamkulu akhale kumtunda. Ana a masiku ano sankadziwa n'komwe kuti gogoyo anali mphunzitsi. Ankangoti agogo a pamtsinje. Anadwala chifuwa mwezi umodzi, anakagonako kuchipatala ku boma, n'kupempha kuti awabweze kunyumba. Akazi awo anawasamalira mpaka mapeto, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala. Ndinawafunsa ngati malemuwo ananenapo kanthu za nthochi asanatsirizike. Anapukusa mutu. Bambowo sanalole, ndipo sanapepese.

M'mawa wa tsiku loika, azibambo akukambirana pabwalo ngati mtembo upite ku Kaduya, mayi a Felesiya anatuluka m'siwa opanda mpango. Anauza a kuchimunawo kuti munthuyu wakhala pano moyo wake wonse akudikira, sapita kwina. Kenako anatuma mwana kwa adzukulu kuti akumbe awiri. Mkulu wa mpingo anayamba kunena kuti zimenezi zikanafunika kukhalirana pansi kaye.

"Ndakhala pansi zaka zonsezi, abambo," anatero mayiwo. "Lero ndaimirira."

Anatenga chikwanje pakhonde la nyumba n'kuzungulira kuseri. A Jemusi anamwalira kalekale, ndipo amuna amene analipo anachita mantha, palibe anasuntha. Mayi wokalamba, wowerama, anayamba kutema yekha. Chikwanje chinali chobuntha, chinkangodumpha, madzi a nthochi akuwathovukira kumaso. Atatopa anatembenuka, maso awo n'kugwera pa ine.

"Esinati, iwe unalipo. Tabwera undigwirire."

Ndinagwira thunthulo mpaka linagwera m'manja mwanga. Linali lozizira, lolemera ngati mwana wa msinkhu womwewo. Tinalikulunga m'diresi ya Felesiya ya ku tchalitchi, imene anaisunga m'sutikesi mpaka inayamba kung'ambika m'mapindiro, kenako m'chitenje chatsopano. Tinalinyamula amayi, pambuyo pa bokosi.

Kumanda anayamba kutsitsa bambo, kenako mwana. Nyimbo itatha, mayi aja anagwada pakati pa maenje awiriwo. Tonse tinkayembekeza kubuma kuja tinakuzolowera pa maliro a eni. Sanabume. Anatapa dothi, n'kuweramira ku dzenje laling'onolo, n'kulankhula ngati mmene ankachezera naye kuseri kwa nyumba.

"Felesiya, unkati udikire bambo ako kuti mupitire limodzi. Ndi awa afika. Nyamukani."

Ine ndinalira mpaka anachita kundidzutsa, ndipo sindingakuuzeni kuti ndinkalirira uti mwa atatuwo.

Mayi aja anameta, ndipo m'mawa uliwonse amapita ndi tsache kumanda. Pakhomo paja ndimadutsapo popita kumsika. Kuseri kwatsala chitsa chakuda chimene chayamba kuwola, ntchentche zili ng'waa. Mpando wa ndalema ukadali pakhonde pomwe unali, nsalu yake itabooka pakati, miyendo itasiya maenje m'dothi, ndipo palibe wausuntha. Pamsomali wa pamwamba pake papachikika nkhono ija, chingwe chitadyeka. Dzulo mitambo yoyamba inaunjikana pa Michesi nthawi yoweruka. Ana anatsikira powolokera akukankhana, ena akuvula malaya kuti asewere pamadzi, ndipo kuchokera pakhondepo sikunamveke mawu.